Mkono wa Febe

Nsaru,
10 Sepitembala, 1995

Wokondedwa mng'ono wanga Eliness,

Ndayamba ndi moni. Uli bwanji kumeneko ku Lilongwe pamodzi ndi ntchito yako yauphunzitsi? Kuno tonse tili bwino, kupatula mwendo wa amayi umene sukufunabe kumva mankhwala. Achimwene a Saulosi atanganidwa ndi nazale ya fodya kudambo, masana sitikuwaonanso pakhomo.

Nkhani imene ndakulembera ndi ya mwana wako Febe. Chaka chino akulowa Sitandade 3, ndipo mutu wake ndi wakuthwa, osati ngati wangawu. Koma sukulu ya kuno ukuidziwa. Mtunda wake ndi womwe uja, ndipo mtsinje ukadzaza ana amangokhala pakhomo kudikira kuti madzi aphwe. Anzake ena ayamba kale kutengedwa kukagwira ganyu ku esiteti. Ine ndaganiza kuti abwere adzakhale ndi iwe, aphunzire sukulu ya m'tauni, ya malata ndi mabenchi, pamaso pa mayi wake wamng'ono amene ndi mphunzitsi pomwepo.

Sadzakuvutitsa. Mwanayu ndamulera ndi mwambo. Wamkulu akamayankhula salowerera, amagwada n'kudikira mpaka umufunse, ngakhale phala likupserera pamoto. Azimayi kutchalitchi amachita kundifunsa kuti ndinamuphunzitsa bwanji.

Ufa ndi mtedza tizitumiza. Uyankhe msanga sukulu zisanatsegulidwe. Kalatayi ndapatsira a Jonasi, aja amabweretsa nkhuku kumsika wa m'tauni. Ukawapatsa yankho lifika.

Ndine mkulu wako,
Nelia


Lilongwe,
24 Sepitembala, 1995

Okondedwa achemwali,

Ndasangalala kumva kuti muli bwino. Inenso ndilipo, mawu okha ndiwo sanabwererebe chisasireni temu yatha. Amayi muwauze kuti mafuta opaka mwendo ndapatsira a Jonasi.

Za Febe, achemwali, musandimve molakwa, koma asabwere.

Sukulu ya malata ndi mabenchi mukunenayo ili m'mutu mwanu mokha. Chiyambireni sukulu yaulere, ana anakhamukira kuno ngati ngumbi. Kalasi yanga ili pansi pa mtengo wa mango. Ana amene ndimawadziwa maina ndi okhala kutsogolo okha, akumbuyo ndimangoona mitu. Ndikafunsa funso mikono imakwera yambirimbiri, koma yochuluka ndi ya ofuna kupita kuseri kapena kuneneza mnzawo kuti wawatsina. Munthu umafika pozolowera kuyang'ana mikono osaiona.

Aphunzitsi anzanga mitima inawafa kale. Si anthu oipa ayi. Pali a Ackson, amene ana awo akale ena ndi madokotala lero. Pano amafika m'mawa, kusaina, n'kukwera njinga kupita kukagulitsa kaunjika. Malipiro amabwera mwezi utapita kale. Choko timachita kuduladula kuti tigawane. Mwana ukamudzudzula amakuyankha kuti kunja kuno kuli demokalase, ndipo mawa lake bambo wake wafika atapinda malaya. Ndiye anzangawa anagwirizana njira imene amaitcha chipereganyu. Aphunzitsi anayi amaphatikiza makalasi awo, mmodzi amatsala kuyang'anira ana onsewo, atatu amapita ku geni. Mawa atsala wina. Ahedi akudziwa, koma amayang'ana kumbali chifukwa nawonso ali ndi kagolosale kawo. Ine ndakana kulowamo mpaka lero, ndipo amandinena kuti ndine wodzionetsa, mphunzitsi wongogwirizira wofuna kuposa amene anapita ku koleji.

Koma chimene chikundidya mtima ndi ichi. Zimbudzi za sukulu zinadzaza, china chinagwa. Ana amakadzithandiza kuseri kwa sukulu, kumene anthu oumba njerwa anasiya maenje akuluakulu. Pakali pano ndi ouma, ana amaseweramo. Mvula ikagwa amadzaza mpaka m'milomo, madzi ake ofiira osaoneka pansi, m'mphepete moterera. Ahedi ndawauza kangapo. Amati komiti ikambirana.

Ndikuopa, achemwali. Ana a eni ndikuwaopera chonchi, nanji Febe. Msiyeni aziwoloka mtsinje wa kwathu, umenewo mumaudziwa makhalidwe ake.

Ndine mng'ono wanu,
Eliness


Nsaru,
8 Okutobala, 1995

Kwa mlongo wanga Eliness,

Landira moni. Ife tili moyo, nazale yamera bwino. Kalata yako mkulu wako anandipatsa misozi ili m'maso, ndipo ndaiwerenga mobwereza kufunafuna chifukwa chenicheni. Sindinachipeze.

Kodi maenje a njerwa n'chinthu choopsezera munthu wa ku Nsaru? Kuno zitsime za m'madimba n'zosavindikira, ndipo ana amatungamo tsiku ndi tsiku. Ukuti aphunzitsi ndi aulesi, nanga iweyo sulipo? Anthu kuno akunena zambiri. Ena akuti wapeza mwamuna amene sakufuna mwana wakumudzi m'nyumba. Ena akuti tauni yakulowa. Ine sindikufuna kukhulupirira zimenezo, chifukwa ndikukumbukira amene anasiya sukulu kuti iwe upitirize. Ndi Nelia yemweyu, amene ankakubereka kumsana powoloka mtsinje umene lero ukuutamawo.

Mbumba iyi mwini wake ndine. Mwana wa Nelia ndi mwana wako, sitichita kukupempha ngati tikupempha mchere. Ndagamula kuti Febe abwera Loweruka likudzali ndi a Jonasi. Ukamulandire pa depoti. Ndamugulira nsapato ndi makope.

Ngati mwamunayo alipo, unene, tibwere tidzamuone mwamwambo. Si nkhani yobisa kuseri kwa maenje.

Ndine mlongo wako,
Saulosi


Lilongwe,
10 Disembala, 1995

Okondedwa achemwali,

Pepani ndachedwa kulemba. Mtima unali usanatsike ndi kalata ya achimwene ija. Muwauze kuti mwamuna kulibe, chipinda changa n'chimodzi, a Jonasi akadamuona miyendo itatulukira pakhomo. Ufa ndi mtedza zinafika, zikomo.

Febe ali bwino, masaya ayamba kutuluka. Kuwerenga akuposa ana obadwira m'tauni momwemuno. Ali m'kalasi ya a Ackson, ndipo wapeza mnzake dzina lake Zione, kamtsikana kolongolola ka mayi wogulitsa makala pafupi ndi kwathu. Zione ndiye woyankhula, Febe ntchito yake n'kuseka. Amapitira limodzi, amabwerera limodzi, mtedza wanu uja theka wathera m'kamwa mwa Zione.

Chipereganyu chija ndinalowa. Musandiweruze. Ndinkakana, koma anzanga ankangosiya ana awo pafupi ndi mtengo wanga n'kumapita, ndiye ndinkasunga makalasi anayi tsiku lililonse popanda wondipumitsa. Ndinaona kuti bola kulowa, mwina kukhosi kungapole. Masiku anga opuma sindipita ku geni. Ndimakhala pa chitsa choyang'ana njira ya kumaenje, ndikuchonga makope. Koma tsiku langa likakwana, ana onse a makalasi anayi amakhala pamaso panga, ndipo njira ija imatsala yopanda maso.

Imvani zoseketsa. Tsiku loyamba kusunga kalasi yawo, Febe anaimirira pakati pa chigulu chonsecho n'kundiitana kuti, "Amayi!" Ana anafa nacho chiseko, ndipo nkhani inafika kwa aphunzitsi kuti madamu wolungama uja wabweretsa wake wapamtima, tione ngati sakondera. Ndinamukalipira pomwepo pamaso pa anzake, mwina mopitiriza. Kunyumba ndinamukhazika pansi. Ndinati kusukulu kulibe amayi, kuli madamu. Ukafuna kuyankhula kweza mkono, udikire ndikuloze ngati mwana wina aliyense. Ndinamuuzanso kuti ndikadzangomva kuti waponda kumaenje, tsiku lomwelo akwera basi ya ku Nsaru. Anagwada n'kunena kuti wamva. Munanena zoona, mwanayu sauzidwa kawiri.

Mvula yayamba mwamphamvu ndipo maenje aja adzaza. Dzulo ndinakapisamo nsungwi yaitali kuposa ine, sinafike pansi. Ndinapitanso kwa ahedi, anandifunsa ngati ndabwera ndi wilibala ndi dothi lokwirira. A Ackson anati, "Madamu, inu mudzafa ndi mtima. Ana awa anawaitana ndi boma, liwalere lokha." Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Holide ya Khirisimasi sitibwera, thiransipoti yakwera. Muzitipempherera.

Ndine mng'ono wanu,
Eliness


Nsaru,
28 Januwale, 1996

Eliness,

Moni ndilibe. A Jonasi afika dzulo kuchokera m'tauni ndi nkhani imene anaimva mu basi popita kumeneko, yoti pa sukulu yako mwana wamkazi wa Sitandade 3 wamira m'dzenje la njerwa. Dzina sanalimve. Akuti anathamangira kunyumba kwako, anapeza loko pachitseko. Kusukulu anapeza mawindo a ofesi ataphwanyidwa, kulibe mwana ngakhale mmodzi. Oyandikana nawe anakana kuyankhula.

Mwana wanga ali kuti? Iweyo uli kuti? Amayi sitinawauze, koma nkhope zathu akuziona, ndipo asiya kufunsa. Ndikadabwera ndekha, koma usiku wathawu msewu waduka pa kamlatho kaja, magalimoto sakufika kuno. Achimwene anyamuka mawa pa njinga, abwera ndi kalatayi. Akapanda kukupeza aisiya pansi pa chitseko.

M'makutu mwanga mukungomveka mawu ako aja akuti asabwere. Ngati ndi iyeyo usandibisire, usandizungulitse ndi mawu a kusukulu. Ungolemba dzina.

Nelia


Lilongwe,
31 Januwale, 1996

Achemwali,

Si Febe. Mukamawerenga kalatayi ali pambali panu, wabwera ndi achimwene. Ndi Zione, mnzake uja.

Linali tsiku langa la chipereganyu. M'mawa kunagwa mvula, ndiye ana a makalasi anayi ndinawapanikiza m'chipinda chimodzi chimene chinapezeka, ena pakhonde, ena atakwera pamawindo. Ndinkawaimbitsa masamu ochulukitsa kuti phokoso likhale limodzi. Olowa ndi otuluka sindikanatha kuwatsatira. Belu linalira, ana anabalalika, ine ndi Febe tinapita kunyumba. Palibe anadziwa kuti pasowa munthu mpaka madzulo, mayi ake a Zione atabwera kudzafunsa. Anamupeza m'mawa mwake azibambo oumba njerwa, ataona patapata wake m'mphepete mwa dzenje.

Makolo anabwera ndi miyala. Ankafunsa kuti mphunzitsi wa mwanayu ndani. A Ackson anati iwo tsikulo anali kuchipatala, ana anali m'manja mwa madamu. Anzanga ena awiri anachita ngati za chipereganyu sanazimvepo. Ahedi ananditengera pambali n'kundiuza kuti akuluakulu a zamaphunziro akabwera ndisatchule mawu amenewo, chifukwa tonse tithera limodzi. Ndiye ineyo, amene ndinabwera kuntchito tsiku limenelo, ndi amene ndikusakidwa. Ndikugona kwa mnzanga wa kutchalitchi, dera lina. Kumaliro sindinapite. Mayi uja ndinkagula makala kwa iye, ndipo ankandiikira basela chifukwa cha Febe.

Apolisi anandifunsa kuti mwanayo anatuluka nthawi yanji, anali ndi ndani. Sindikudziwa, achemwali. Ndayesa kukumbukira nkhope za tsikulo, ndikungoona mitu ndi mikono.

Febe ndamubweza chifukwa kuno si malo. Chichitikireni zimenezi sakudya bwino, sakuyankhula, wayamba kukodza pogona. Kuchipatala akuti malungo alibe. N'chisoni cha mnzake, komanso miyala ija anaiona. Mumufatsire. Achimwene sanandiyankhule zambiri. Anandipempha kuti ndikawaonetse dzenjelo, ndipo anaima pamenepo nthawi yaitali chipewa chili m'manja.

Ntchito sindikudziwa ngati ilipobe. Sindikudziwanso ngati ndikuifuna.

Eliness


Nsaru,
18 Febuluwale, 1996

A madamu,

Landirani moni. Tikuthokoza Mulungu kuti mwana anabwera wamoyo, koma amene mwatibwezerayu si amene tinakupatsani. Sayankhula. Akamva dzina lanu amakabisala kuseri kwa nkhokwe. Kudimba akaona chitsime amauma thupi lonse. Tinamuperekeza kusukulu ya kuno, anafika pakhomo la kalasi n'kugwada, osalowa, osabwerera, mpaka aphunzitsi anachita kumunyamula.

Chisoni cha mnzake sichingachititse mwana kuopa mayi wake. Munkamutani kumeneko? Munkamumenya? Munkamumana chakudya chifukwa choti tinakukakamizani? Amayi akuti tipite naye kwa asing'anga, abusa akuti tipemphere. Ine ndikufuna ndimve kaye kwa inu.

Nelia


Nsaru,
10 Malichi, 1996

Mng'ono wanga Eliness,

Yankho lako silinafike, ndipo mwina ndi bwino choncho. Kalata yanga ija uing'ambe. Febe wayankhula.

Tinali m'chigafa tikusoka fodya, ine ndi achimwene tikukambirana za masaka ndi za olemba ganyu. Nditatembenuka ndinamupeza atagwada kumbuyo kwanga, mkono uli m'mwamba. Sindikudziwa kuti anakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Ndinati, "Nena, mwanawe." Anangoti, "Zione wagwera m'madzi."

Zina zonse zinatuluka pang'onopang'ono, ndikumugwira m'manja. Anali naye. Zione anamupempha kuti amuperekeze kuseri chifukwa m'mimba munkamupweteka, ndipo Febe anapita ngakhale unamuletsa. Pobwerera Zione anafuna kutsuka matope kumapazi, anaterereka. Febe anamuona akutulutsa mutu n'kumiranso, ndiye anathamanga kubwerera kukalasi. Anakupeza ukuimbitsa masamu. Akuti anafuna kufuula kuti amayi, koma anakumbukira. Anagwada pakhomo, nakweza mkono. Akuti anaitana kuti madamu, koma ana ankaimba. Anadikira kuti umuloze. Akuti unayang'ana kumene anali, kenako unaloza mwana wina kuti ayankhe samu. Mkono utatopa anasinthira winawo. Belu litalira anadziwa kuti nthawi yatha, ndipo anaopa kuti akanena tsopano umufunsa kuti kumaenjeko ankatani, n'kumukweza basi.

Sindikulembera kuti ndikuimbe mlandu. Kugwada ndi kudikira ndinamuphunzitsa ndine, ndipo ndinkanyadira nazo kutchalitchi. Achimwene atamva anatuluka m'chigafa, tsikulo sanabwere kudzadya.

Ndamuuza kuti mwina sunamuone, ana anali ambiri. Wandifunsa kuti, "Ndiye ndikanakweza kwambiri, eti?" Tsopano amangoyang'ana mkono wake ngati ndi umene unalakwa. Iwe ndiwe mphunzitsi, ndiuze chomuuza, mwanayu asandifere ali maso.

Ndikuopanso zina. Apolisi akamva, amutenga? Nanga mayi ake a Zione akamva? Pano tikudziwa ndife atatu, iwe wachinayi.

Ndine mkulu wako,
Nelia


Lilongwe,
24 Malichi, 1996

Okondedwa achemwali,

Makalata anu onse awiri anafika tsiku limodzi. Yoyamba ija sindinaing'ambe.

Ine ndinabwerera kuntchito. Akuluakulu anabwera, anafunsa, analemba, anapita. Maenje awatchinga ndi minga mbali imodzi. Chipereganyu chayambiranso, ine ndatulukamo, ndipo anzanga akusiyanso ana awo pafupi ndi mtengo wanga. A Ackson amandipatsa moni ngati kale.

Apolisi satenga mwana pa nkhani yotere, musaope. Kwa mayi ake a Zione ndipita ine Loweruka, pamodzi ndi mkulu wa mpingo. Ayenera kudziwa kuti mwana wawo anali ndi mnzake amene anamuthamangira, ndiponso kuti uthenga unafika pakhomo la kalasi nthawi ikadalipo. Chimene akandichite sindikudziwa.

Febe musamunamize. Musamuuze kuti ana anali ambiri. Nditawerenga kalata yanu, pakati pa mitu ija panatuluka nkhope imodzi. Anali atagwada pakhomo, diresi lake lili matope mpaka m'mawondo, lomwe ndinalichapa madzulo ake osamufunsa kanthu. Maso athu anakumana. Ndinaganiza kuti ndikamuloza msanga, nkhani ifika kwa anzanga kuti ndakondera wanga. Ndiye ndinati mumtima, adikire pang'ono.

Muuzeni kuti mkono wake anaukweza mokwanira. Ndinauona.

Ndine mng'ono wanu,
Eliness